Kachikwama ka Pamiyendo: Malangizo kwa Mayi Woyenda Yekha

 Sabata yatha kunyumba kwanga kunabwera mayi wina wachitsikana kudzabwereka sutikesi. Anati ali kupita ku Mzuzu kukadwazika mng'ono wake amene amutumiza ku chipatala chachikulu, ndipo aka kanali koyamba kuti ayende ulendo wautali popanda mwamuna wake kapena mbale aliyense. Ndisanampatse sutikesiyo ndinamukhazika pamphasa ndi kumufunsa kuti, "Kodi muikamo chiyani, mwana wanga?" Mayankho ake anandikumbutsa utsikana wanga, pakuti zimene anatchula zinali zomwezo ndinalongedza ine kalelo, ndipo zimene anaiwala zinali zomwezonso zinandiliza. Ndicho chifukwa chake lero ndati ticheze za nkhani imeneyi.

Mwina ena a inu muli kunena mumtima kuti nkhaniyi siikukhudzani, popeza mayi wapabanja sayendayenda. Koma taganizani bwino. Maliro sapangana tsiku ndi munthu, ndipo matenda sadikira kuti bambo a kunyumba apatsidwe tchuthi. Ambiri a ife tinakwatiwa kutali ndi kwathu. Ena tili ndi ana kusukulu zogonera konko. Enanso timadyetsa mabanja athu ndi malonda a mpunga, usipa kapena nsalu za ku Kyela. Tsiku loyenda wekha limafikira mayi aliyense, ndipo kawirikawiri limafika modzidzimutsa, mtima uli m'mwamba. Motero zolongedza ziyenera kuganiziridwa lero lino, mtima ukadali m'malo.

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ukwati unanditengera kuno ku Karonga m'chaka cha 1983. Mwezi wa June mu 1987, anthu ali kukolola mpunga, kunafika telegalamu yochokera kwa alongo anga yonena kuti mayi adwala kwambiri, ndifulumire. Bambo a ana anga sakanatha kusiya ntchito pamodzi ndi mpunga umene unali m'munda, choncho tinagwirizana kuti ana athu awiri atsale ndi apongozi anga aakazi, ine ndinyamuke ndekha m'mawa mwake.

Usiku umenewo ndinalongedza ngati munthu wopita ku ukwati. Ndinaika madiresi anayi, nsapato zagogoda, mafuta odzola ndi galasi, chifukwa ndinkafuna kuti anthu akwathu aone kuti ndili kukhala bwino kubanja. Juzi ndi bulangete ndinaziika pansi penipeni pa sutikesi. Pambali ndinamanga thumba la mpunga wa Kilombero, umene mayi anga ankaukonda chifukwa cha fungo lake. Ndalama zonse zimene bambo anandipatsa ndinazimanga pamfundo imodzi kunsonga ya chitenje, monga timachitira popita kumsika. Apongozi anandifunsa ngati ndakonza kamba, ine ndinayankha kuti ndikagula panjira. Iwo anangopukusa mutu osanena kanthu.

Pokwera basi, sutikesi ndi thumba lija zinakwezedwa pamwamba ndi kumangiriridwa pansi pa lona, pamodzi ndi njinga, madengu ndi mikoko ya nthochi. Ine ndinalowa chimanjamanja, nditavala diresi lopyapyala ndi chitenje chimodzi. Tinanyamuka mochedwa, ndipo tinadutsa Ngara, Nyungwe, Uliwa ndi Chitimba, nyanja ili kumanzere, thukuta lili kamukamu. Dzuwa litapendeka tinayamba kukwera phiri la Chiweta, koma tisanafike pamwamba basi inatsokomola kawiri nizima.

Inu amene munayendapo msewu umenewu mudziwa kuti Karonga ali m'chigwa cha nyanja, pamalo osafika mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pamwamba kupitirira mamita 1,200. Pa ulendo wa makilomita oposa 200 munthu amachoka m'dziko lotentha ndi kulowa m'dziko lozizira. Ine mwana wa ku Dedza, wokulira m'chisanu, ndinayenera kudziwa zimenezi, koma zaka zinayi za kunyanja zinali zitandiiwalitsa. Mdima utagwa, mphepo inayamba kulowera m'mawindo. Ndinapempha kondakitala kuti anditsitsire sutikesi, koma anati sangamasule katundu wa anthu onse mumdima chifukwa cha juzi ya munthu mmodzi. Kunena zoona, iye sanalakwe.

Pafupi ndi ine panakhala mayi wina wachikulire wa cha ku Kaporo, amene anali kupita ku Ekwendeni kukaona mdzukulu wake. Pamiyendo pake panali kachikwama kansalu kothaitha, kamene masana ndinkakayang'ana monyoza. Ataona kuti ndili kunjenjemera, anakatsegula natulutsa chitenje chochindikala nandifunditsa. Kenaka anatulutsa nthochi zowotcha, mtedza ndi botolo la madzi, ndipo tinadya pamodzi. Munalinso machesi, kandulo, singano ndi kasopo. Anandiuza m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chinkhonde kuti, "Mwana wanga, katundu ali pamwambayo ndi wa kumene uli kupita. Wa panjira ndi uyu ali pamiyendo." Pamenepo ndinakumbukira mwambi wa kwathu wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Basi inakonzedwa kutacha, ndipo tinafika ku Mzuzu masana, mayi uja atatsika kale ku Ekwendeni. Padepoti panali chipwirikiti, anthu ali kukankhana pogula matikiti a ku Lilongwe. Nditafika pawindo ndi kugwira kunsonga ya chitenje, ndinapeza mfundo ija palibe. Wina anali ataidula ndi lumo, ine osamva kanthu. Ndinalibe ngakhale tambala imodzi, ndinalibenso munthu womudziwa mu Mzuzu monse. Basi inanyamuka ine ndili kuona. Ndinakhala pa sutikesi yodzaza madiresi, n'kumalira ngati mwana.

Chimene chinandipulumutsa ndi mpunga wa mayi anga. Amayi ena ogulitsa kumsika anaugula pamtengo wotsika, pakuti wogulitsa ali pamavuto salimbira mtengo. Ndinangosungako manja awiri m'kampango. Usiku umenewo ndinagona padepoti, wotsatirawo ku Lilongwe, ndipo kumudzi ndinafika tsiku lachinayi. Mayi ndinawapeza ali moyo koma ofooka kwambiri. Atandizindikira anafunsa za adzukulu awo, kenaka anafunsa ngati ndawatengera mpunga wa kunyanja. Ndinaphika phala ndi manja awiri aja, ndipo anamwa masipuni atatu. Patapita masiku awiri anatisiya. Kuwonongeka kwa basi sikunali kulakwa kwanga, koma mfundo imodzi ija inali yanga, ndipo kufikira lero ndimawerengera kuti tsiku lathunthu limene ndinataya ku Mzuzu ndikanakhala ndili pambali pawo.

Kuyambira nthawi imeneyo ndayenda ndekha maulendo ambiri, pabasi, pasitima ya pamadzi ndi pa timagalimoto tamasiku ano, ndipo lamulo langa loyamba ndi lija la mayi wa ku Kaporo. Khalani ndi zikwama ziwiri. Chachikulu chipite kumene amaika katundu, ndipo mukhale zinthu zimene zitati zatayika mudzadandaula koma ulendo upitirira. Chaching'ono chikhale cha chingwe chokoleka pakhosi kapena paphewa, ndipo chisachoke pathupi panu, ngakhale mutatsika kukadzithandiza. Lamulo lachiwiri ndi lakuti musanyamule katundu amene simungathe kusenza nokha. Muyeseni pakhomo: dzitwikeni wopanda wothandiza, muzungulire nyumba kawiri. Mukapuma wefuwefu, chotsanimo zina. Mayi woyenda yekha alibe womudikirira katundu, ndipo amene ali ndi mitolo itatu amakakamizika kukhulupirira aliyense womwetulira padepoti.

Tsono tione zoika m'kachikwama kaja. Choyamba ndi mapepala. Kale ambiri a ife tinkayenda wopanda chikalata chilichonse, koma kuyambira mu 2017 boma linayamba kupereka chiphaso cha unzika kwa aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo. Popeza boma lathu lili kumalire a dziko, pamsewu wa M1 pali malo angapo pamene apolisi amaimitsa galimoto, ndipo chiphasochi chimakupulumutsani ku mafunso ambiri. Chimafunikanso polandira ndalama kubanki. Pamodzi ndi chiphaso ikani buku lanu la kuchipatala, chifukwa mukadwala kutali, dokotala wa kumeneko adzaonamo matenda anu akale ndi mankhwala amene mumamwa. Mapepala onsewa akulungeni m'kapepala ka pulasitiki kuti mvula kapena thukuta zisawawononge. Musaiwale kulemba papepala dzina la mudzi kapena dera kumene muli kupita, dzina la wokulandirani, ndi manambala a foni atatu: ya bambo a kunyumba, ya wokulandiraniyo, ndi ya mbale wina. Amayi ambiri masiku ano sadziwa pamtima ngakhale nambala ya amuna awo, ndipo foni ikabedwa kapena ikatha moto amasanduka ngati ine pa depoti ija. Ngati kulemba kumakuvutani, uzani mwana wasukulu akulembereni.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo pano mundimvetsetse, pakuti ndalankhula ndi misozi yanga. Ndalama zigaweni patatu. Gawo loyamba ndi tandalama tating'onoting'ono togulira madzi ndi kulipirira kabaza. Timeneti ndi tokha toyenera kuonekera pagulu. Kutulutsa mpukutu wa ma K5,000 pogula nthochi ndiko kuitana akuba. Gawo lachiwiri ndi la tikiti ya basi yotsatira, ndipo likhale m'kachikwama. Gawo lachitatu ndi ndalama yobwererera kunyumba. Imeneyi isokereni m'kathumba kam'kati mwa pitikoti kapena ka m'chiuno, ndipo musaikhudze ngakhale mutaona nsalu yokongola motani. Pachifuwa ndi pamfundo ya chitenje akuba anapadziwa kale. N'zoona kuti lero tili ndi mwayi umene ine ndinalibe, wosunga ndalama mu foni kudzera ku Mpamba kapena Airtel Money, ndipo ndi nzeru kuikamo zina. Komabe musadalire foni yokha, popeza m'mapiri ndi m'midzi ina netiweki imasowa, ndipo usiku otapitsa ndalama amakhala atatseka. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale amene ali kudzipereka kuti akuthandizeni kudina.

Chachitatu ndi zovala. Bwenzi lenileni la mayi paulendo ndi chitenje, ndipo ine sindinyamuka ndi zosakwana zitatu: chimodzi m'chiuno, ziwiri m'kachikwama. Chitenje ndi chofunda kukazizira, ndi mphasa pogona padepoti, ndi chopukutira mukasamba, ndi nkhata posenza, ndi chotchinga pamene basi yaima patchire, ndiponso ndi ulemu wanu mukafika pamaliro kapena pamaso pa apongozi. Achitsikana ena sadziwa kuti kuyambira 1973 kufikira 1993 lamulo la dziko lino linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Lamulolo linathetsedwa, ndipo amayi ena masiku ano amavala buluku paulendo chifukwa limathandiza pokwera njinga yamoto ndi pozizira. Ine sindiwadzudzula, koma ndimawauza kuti chitenje chikhale pafupi, pakuti mudzi uliwonse uli ndi maso ake. Juzi ikhale m'kachikwama kapena paphewa, makamaka kuyambira May kufikira August, ngakhale pa Karonga dzuwa litaswa mtengo. Onjezani mpango wa kumutu, zovala zam'kati zosinthira, ndipo kumapazi valani nsapato zafulati zimene mungathe kuyenda nazo mtunda wautali. M'chikwama chachikulu madiresi awiri kapena atatu akwanira. Kumene muli kupitako kulinso madzi ndi sopo.

Chachinayi ndi kamba. Apongozi anga ananena zoona: kamba amakonzera pakhomo. Ife kuno tili ndi mwayi wa chinangwa, nthochi ndi mpunga. Nyamulani zakudya zouma zimene sizisasa msanga, monga chinangwa chowotcha, nthochi zowotcha, mtedza wokazinga, mbatata yophika ndi mazira owiritsa osasenda. Chambiko ndi mbalagha n'zokoma pakhomo, koma m'basi yotentha sizichedwa kuwonongeka, ndipo palibe chinthu chochititsa manyazi mayi woyenda yekha kuposa kutsegula m'mimba panjira. Madzi akumwa tengani a kunyumba, owiritsa kapena othira mankhwala, m'botolo lotseka bwino. Ena amadzimana madzi poopa kupempha dalaivala kuti aime. Kumeneko n'kudzipweteka, imwani pang'onopang'ono. Tisaiwale kuti mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 ndi kupitirira mu 2023 unafika m'maboma onse a dziko lino, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Matenda amenewa amayenda ndi madzi ndi zakudya zosasamalika, ndiponso ndi manja osasamba. Choncho kasopo kasasowe m'kachikwama, pamodzi ndi mapaketi awiri a Thanzi. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino, muzimwa pamene muli kufunafuna chipatala. Ndiponso pokonza kamba muonjezereko pang'ono wa mnzanu wokhala naye pampando. Ine ndinapulumukira kamba wa mwini.

Chachisanu ndi mankhwala. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a mphumu kapena otalikitsa moyo, werengani masiku a ulendo wanu ndipo muonjezerepo a sabata imodzi, chifukwa maliro ndi matenda sizitha pa tsiku limene tinaganiza. Ngati ulendo ndi wa nthawi yaitali, kafotokozeni kuchipatala kumene mumalandirira musananyamuke. Mankhwalawa akhale m'kachikwama ka pamiyendo, m'mabotolo kapena m'mapepala ake omwe. Ndamvapo za amayi amene amasiya mankhwala awo kunyumba poopa kuti achibale akawaona. Mayi mnzanga, moyo ndi wanu, ndipo anthu olankhula sadzakulererani ana. Tengani panado pang'ono, koma thupi likatentha musangodalira ameneyo, kayezetseni malungo. Ngati simudziwa kumene mukagone, neti yopinda bwino siilemera. Ndipo popeza pano tili tokha amayi, ndinene poyera: nyamulani zofunika za kumwezi ngakhale masiku anu asanakwane, pakuti nkhawa ndi kutopa zimasokoneza masiku. Amene muli oyembekezera, makamaka miyezi yomaliza, funsani anamwino musanayambe ulendo wautali.

Chachisanu ndi chimodzi ndi tizinthu ting'onoting'ono timene timaoneka topanda pake kufikira titafunika. Tochi yaing'ono, popeza kuunikira ndi foni kumatha moto umene mufuna kuimbira. Chaja ya foni, ndipo foniyo ichoke pakhomo yodzaza moto, ili ndi mayunitsi. Singano ndi ulusi, mapini awiri, kachingwe komangira chikwama zipi ikaduka, machesi, kapu ndi sipuni, mswachi, mafuta odzola m'kabotolo kakang'ono, ndi timapepala topukutira. Zonsezi pamodzi sizidzaza ngakhale mbale ya ndiwo.

Ulendo uliwonse uli ndi zakezake. Amene muli kupita kukadwazika, monga mayi uja anabwera kwa ine, dziwani kuti wodwazika amadzisamala yekha. Ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa mu 2000, kumafika odwala ochokera m'maboma onse a chigawo cha kumpoto, ndipo odwazika amakhala ambiri. M'chikwama chachikulu ikani bulangete, kapoto, mbale ziwiri, mthiko, kabeseni, ufa, mchere ndi ndiwo zouma monga usipa ndi nyemba. Makala kapena nkhuni mukagula konko. Lembani dzina lanu pansi pa poto ndi mbale, pakuti pophikira anthu ambiri ziwiya zimafanana.

Amene muli kuwoloka Songwe kupita ku Kasumulu ndi Kyela, pitani ndi pasipoti kapena chikalata chovomerezeka cha pachipata, ndipo dzerani pamlatho. Njira zachidule zowolokera mtsinje zamiza anthu ndi katundu, makamaka nthawi ya dzinja pamene Songwe amadzaza mosayembekezeka. Posintha makwacha kukhala mashilingi werengani nokha kawiri musanapereke zanu, ndipo malisiti a katundu amene mwagula asungeni pamodzi ndi mapepala ena aja. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Ikamakwana 5 koloko kwathu, kumeneko ndi 6 koloko.

Amene muli kukwera sitima ya pamadzi ku Chilumba, yambani mwafunsa tsiku lenileni limene ifike, chifukwa ulendo wa panyanja umamvera mphepo. Ilala, imene inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, yanyamula agogo athu, amayi athu ndi ife tomwe, ndipo onse anaphunzira chimodzimodzi: m'madoko ena mulibe potsikira, munthu amatsikira m'boti laling'ono ndi kumaliza ulendo m'madzi a m'maondo. Choncho zovala ndi mapepala zikulungeni m'mapulasitiki, ndipo katundu akhale wosenzeka pamutu. Nyengo ya mwera nyanja imawinduka ndipo usiku kumazizira, motero chofunda chikhale pafupi, ndipo musadye zamafuta musanakwere.

Nanga zosiya ndi ziti? Siyani ndolo ndi mikanda yamtengo wapatali. Siyani mtima wofuna kuonetsa anthu akwanu kuti mukupeza bwino. Ine madiresi anayi aja ndinabwerera nawo osavala ngakhale limodzi, popeza pamaliro munthu amavala chitenje. Mphatso n'zabwino, ndipo munthu wochokera ku Karonga sangafike kwao wopanda mpunga, koma ukhale wa muyeso umene mungathe kusenza. Koposa zonse, musalandire katundu wa munthu amene simumudziwa. Padepoti pamabwera anthu aulemu wonse, nati, "Mayi, mundiperekereko kaphukusi aka kwa mbale wanga ku Mzuzu." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Apolisi akapeza chamba m'phukusilo, mlandu ndi wa amene wanyamula. Chimodzimodzinso mwana: musavomere kutenga mwana wa munthu wachilendo kuti mudutse naye pachipata ngati wanu. Dziko lino lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, ndipo chifundo chosafunsa chingakugonetseni m'ndende. Pajatu safunsa anadya phula.

Kulongedza kwina kumachitikira pakhomo pomwe. Musananyamuke khalani pansi ndi bambo a kunyumba, mugwirizane za tsiku lopita, tsiku lobwera ndi ndalama zimene mwatenga, kuti pasadzakhale zokayikirana. Onetsani amene atsale ndi ana pamene pali ufa, mabuku awo a kuchipatala ndi neti zawo. Tsanzikani apongozi ndi mnansi mmodzi wokhulupirika, koma musalengeze mudzi wonse kuti panyumba patsala ana okha. Yesetsani kukwera galimoto ya m'mawa kuti mukafike kukadawala. Mukakwera, imbani kunyumba ndi kunena mtundu ndi nambala ya galimotoyo, mukafika, imbaninso. Usiku ukakupezani panjira, khalani pamene pali kuwala ndi amayi ena, kapena pitani kupolisi kapena kutchalitchi mukapemphe malo, kusiyana ndi kutsata munthu wachilendo amene akuti akudziwa malo ogona otchipa.

Chomaliza sichilowa m'chikwama, ndicho pakamwa panu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Perekani moni kwa amene mwakhala naye pampando, lemekezani dalaivala ndi kondakitala, ndipo mukafika kwa eni dziko yesani moni wa m'chinenero chawo, kaya Chinkhonde, Chitumbuka, Chilambya kapena Chiswahili. Ulemu umatsegula makomo amene ndalama singatsegule. Koma ulemu sikuulula zonse. Munthu wachilendo safunika kudziwa kuti muli ndi ndalama zingati, kapena kuti kumene muli kupita kulibe wokuchingamirani. Wina akayamba kukuvutitsani kapena kukugwiragwira m'galimoto, musachite manyazi. Kwezani mawu kuti onse amve, pakuti wochita zoipa amadalira chete wa mayi.

Mayi wachitsikana uja anachoka kwanga ndi sutikesi, koma ndinampatsanso kachikwama kansalu kamene ndinasoka ndi zidutswa za zitenje. Ine kanga kamakhala kokoleka kuseri kwa chitseko chaka chonse, muli chitenje, juzi, sopo, tochi, singano ndi pepala la manambala, kotero kuti uthenga ukafika pakati pa usiku ndimangoonjezamo mapepala, mankhwala ndi kamba. Ndikupemphani, amayi anzanga, kuti sabata ino inunso musoke kanu, ndipo muphunzitse ana anu aakazi ndi apongozi anu achitsikana kuchita chimodzimodzi. Dzina la mayi wa ku Kaporo uja sindinalifunse, ndipo chitenje chake ndinamubwezera m'mawa mwake pa phiri la Chiweta. Mukadzaona mtsikana ali kunjenjemera pafupi nanu m'basi, mudzamfunditse chanu.

Muyende bwino, ndipo mukapeze onse ali bwino kumene muli kupitako.